Padi Inatsala pa Kireti ku Kacholola

Shopu yathu ya magemu ili mu kontena yabuluu ku Kanyama mu Lusaka, kuseri kwa msika, ndipo eni ake tilipo awiri: ine Mabvuto ndi mlamu wanga Chanda, amene anakwatira mlongo wanga Tisa. Iye anabwera ndi ma TV awiri kuchokera ku Kitwe, ine ndinaikapo TV imodzi, makina osewerera magemu ndi mapadi, zogwira m'manja zija zokhala ndi mabatani. Chaka chimene ndikunenachi tinali titatha zaka zisanu ndi zinayi tili limodzi, ndipo tinatsala pang'ono kusiyana chifukwa cha gemu imodzi ya ndewu.

Gemu imeneyi ndinayamba kuisewera ndili mwana wa sukulu, ili pa nambala 3. Eni ake amatulutsa ina pakapita zaka zingapo, ndipo ine ndakula nayo mpaka ndevu zayamba kuchita imvi. Kuti utulutse nkhonya yaikulu umapotoza chala chachikulu pansi, kenako kutsogolo, n'kudina mabatani awiri nthawi imodzi, ndipo munthu amatha miyezi asanazigwire bwino. Tsono mu yatsopanoyo anaikamo njira imene ine ndinkaitcha ya aulesi: ungodina batani limodzi, nkhonya ija yatuluka yokha. Chanda ankafuna tiike yatsopanoyo pa ma TV onse chifukwa anthu anali atachepa m'shopu. Ine ndinkati tikatero, akale athu amene akhala nafe zaka zonsezi atichokera. Tinakangana mpaka Chanda anandiuza mosabisa kuti mwezi ukatha tisanagwirizane, anyamula ma TV ake akatsegule shopu yake ku Matero.

Ulendo anaubweretsa ndi Tisa. Anamva kwa mnzake wa kutchalitchi kuti ku Chipata kuli munthu amene akutseka shopu ya magemu ndipo akugulitsa makina awiri atsopano ndi mapadi ake pa mtengo wabwino. Anatilamula kuti tipite tonse awiri, tikakanganire m'basi, chifukwa m'nyumba mwake anali atatopa nazo.

Tinachoka ku Kanyama kusanache, mwezi wa Okutobala, fumbi lisanadzuke. Pa siteshoni ya mabasi ya Intercity oitanira anthu anatilanda chikwama kawiri, aliyense akulumbira kuti basi yake ndiyo ikunyamuka tsopano lino. Tinalipira K350 aliyense m'basi imene inalembedwa kuti inyamuka faifi koloko. Inanyamuka itatsala pang'ono kukwana seveni, atamaliza kulowetsa pansi matumba a simenti, mabelo a salaula, zovala za kaunjika zija, ndi firiji imodzi imene mwini wake anaiperekeza ndi maso mpaka chitseko chitatsekedwa. M'busa wina anatilalikira za Yona mpaka pa Chongwe, pamene anatsika kukadikira basi yobwerera.

Chanda anakhala ku windo, atanyamula pamiyendo makina ake okulungidwa mu chitenje cha Tisa. Anawatenga pamodzi ndi mapadi awiri kuti tikayesere katundu wa munthu uja tisanagule, ndipo munali gemu yatsopano ija. Kutsogolo kwathu kunakhala mayi wina wonenepa, mwini wa mabelo aja, amene aliyense anayamba kumutcha Amake Dalitso titamumva akudzitchula choncho pa foni. Tsidya lina la kanjira kunali bambo wochepa thupi, wa kapusi, manja ake ali ndi timabala takupsa. Sanalankhule ndi munthu, ndipo ine sindinamuyang'ane kawiri.

Titangodutsa Chongwe mkangano unayamba wokha. Chanda ankati munthu akaweruka kuntchito ali ndi K5 ndi theka la ola, amafuna aone moto pa TV, aseke, apite kwawo. Alibe miyezi itatu yophunzitsa chala. Ine ndinkati chinthu chobwera popanda thukuta sichigwira munthu. A batani limodziwo abwera milungu iwiri, kenako amva kuti kwina kwafika gemu ya magalimoto, apita. Wokhala nawe ndi amene anavutikira, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Chanda anati nkhono zimenezo tidye ife anthu a kum'mawa pamodzi ndi mbewa zathu, ine ndinamukumbutsa za anyani amene anthu a kwawo amadya, ndipo Amake Dalitso anatembenuka n'kundithandiza. Koma nthabwala itatha Chanda anabwereranso pomwepo.

"Bakale banu ni bangati, ba mulamu? Sikisi. Ndipo sibalipila, chifukwa sibaluza."

Apa ankanena lamulo la m'shopu mwathu, lomwe ndi la mashopu ambiri mu komboni: wowina amakhala pampando, woluza ndiye amalipira n'kupatsa wina padi. Ndinalipeza lamuloli, ndipo sindinaganizepo kuti lingakhale mwina. Ndinamuyankha kuti akalewo ndiwo dzina la shopu, anthu amachoka ku Chawama ndi ku George kudzaona mmene timasewerera. Iye anati kuonerera sikugula malaiti. Tinafika pa Rufunsa titabwereza mfundo zomwezo katatu, aliyense akungokweza mawu.

Pa mlatho wa Luangwa basi inaima mphindi makumi awiri. Kutentha kwa pamenepo kumakulandira pakhomo pa basi. Ndinagula nsomba yokazinga ndi madzi amene anali ozizira dzulo lake, Chanda anagulira Tisa dengu limene ndinadziwa kuti ndidzanyamula ndine. Titawoloka mlatho basi inayamba kukwera mapiri aja ikulira, ndipo dalaivala anazimitsa wailesi kuti amve injini. Titayandikira Kacholola kunamveka fungo la mphira wopsa, nthunzi inatuluka kumbuyo, basi inatsetserekera m'mbali mwa msewu n'kuima. Paipi ya madzi inali itaphulika. Nthawi inali itangopitirira leveni.

Kondakitala anaimba foni ku Nyimba n'kutiuza kuti makaniko ali m'njira. Mawu amenewa anawabwereza kwa maola anayi, nkhope yake osasintha. Anthu anayamba ndi kukalipa, kenako anafunsana za kobwezeredwa ndalama, kenako anangofunafuna mthunzi. Panali mtengo umodzi waukulu, ndipo pansi pake panadzaza mpaka ena anakhala mu mthunzi wa basi, akusuntha nawo pamene dzuwa likusuntha. Mwini firiji anapempha kuti amutsegulire pansi aione ngati ili bwino. Mphunzitsi wina wa ku Petauke anayesa kuimitsa malole, koma onse ankangoliza hutala n'kupitirira. Netiweki inkapezeka pa chulu chimodzi chokha, ndipo anthu anaima pamzere kuti akwerepo.

Chapatali pang'ono panali kagolosale ka malata, ka bambo wina wachikulire dzina lake Mumba. Anali ndi sola, batire lalikulu ndi TV imene inkaonetsa kwaya popanda mawu. Zakumwa zozizira zinatha mu ola loyamba. Chanda anayang'ana TV ija nthawi yaitali, kenako anakambirana ndi a Mumba, n'kumasula chitenje. Ndinadziwa chimene akufuna. Ankafuna kundionetsa pamaso pa anthu kuti iye ndiye akunena zoona.

Oyamba kugwira mapadi anali kondakitala ndi Amake Dalitso, amene anali asanagwirepo chinthu chotere. Chanda anawaikira njira ya batani limodzi n'kuwauza kuti adine apa ndi apa, basi. Mayiyo anasankha chimunthu chamimba chopanda malaya, akuti chikufanana ndi bambo a Dalitso. Anadina, chimunthu chija chinanyamula munthu wa kondakitala n'kumubwanyula pansi, ndipo mayiyo anakuwa mpaka anthu a pansi pa mtengo anadzuka kudzaona. Posakhalitsa m'kagolosale munadzaza, ena akusuzumira pa windo. Aliyense ankati kondakitala amenyedwe chifukwa cha makaniko wake. Mphunzitsi uja anasewera ndi mwini firiji, atsikana awiri ophunzira unamwino anasewera okhaokha akutseka maso. Popeza panalibe wodziwa lamulo, ndewu ikatha onse awiri ankadzuka n'kupatsa ena mapadi.

Ine ndinaima kumbuyo, dengu la Tisa lili m'manja, mtima ukundiwawa. Masewero ake anali oipa kwambiri. Palibe amene ankatchinga nkhonya, palibe amene ankadikira mnzake alakwitse, kunali kungodina ngati akupha nyerere. Koma anthu ankaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo Chanda ankangonditembenukira. Amake Dalitso atabwereranso n'kuwina kachitatu, anaimirira n'kulengeza kuti m'basi yonse mulibe mwamuna woti angawagwetse. Ndinaika dengu pansi, ndinapempha padi kwa mphunzitsi, ndinasintha mbali yanga kuti ikhale ya mabatani akale, n'kukhala pa kireti ya zakumwa imene inali ngati mpando.

Sanandikhudze ngakhale kamodzi. Ndewu inatha asanamalize kukonza chitenje chawo. Anthu anati eee, ena anaomba m'manja, mayiyo anaseka n'kupereka padi kwa kondakitala. Ine sindinadzuke.

"Wowina ankhala," ndinatero, maso ali pa TV.

Sindinaganize n'komwe ponena mawuwa, anangotuluka monga amatulukira tsiku lililonse. Ndinamenya kondakitala, ndinamenya mwini firiji, ndinamenya mmodzi wa atsikana aja, ndinamenya ena anayi kapena asanu amene sindingawakumbuke. Ndisaname, ndinkamva kukoma. Gemu yatsopanoyo inali yosalala m'manja kuposa mmene ndinkainenera, ndipo batani lawo limodzi lija silinawathandize chilichonse, chifukwa munthu wodina osaganiza umamuona akubwera ali kutali. Nditagwetsa womaliza ndinakhala ndikudikira wina. Nyimbo ya gemu inazungulira kawiri. Nditayang'ana pambali, padi inayo inali pa kireti, palibe woigwira.

Ndinatembenuka. M'kagolosale munatsala a Mumba akuwerama pa kauntala, Chanda, ndi bambo wa kapusi uja ataima pakhomo. Ena onse anali atabwerera pansi pa mtengo, akuyang'ana msewu wa ku Nyimba. Ndinauza Chanda kuti waona yekha, anthu a batani limodzi sakhalitsa, akangokumana ndi wodziwa amathawa. Anayankha ndi bambo wa pakhomo uja.

"Ba Mabvuto, simunanizibe, ai?"

Ndinamuyang'ana bwino koyamba, ndipo sindinamudziwe. Anati dzina lake ndi Lungu, amawotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko kuseri kwa msika womwewo wa ku Kanyama, mayadi ochepa kuchoka pa kontena yathu. Zaka ziwiri zapitazo anabwera m'shopu mwathu Loweruka katatu motsatizana. Gemu ija anaikonda atangoiona. Anafika pogula padi yakufa pa msika, yopanda chingwe, kuti madzulo aziphunzitsa chala kunyumba, pansi, kutsogolo, mabatani awiri, mkazi wake akumuseka. Loweruka lililonse ankapeza ine pampando, ndipo ankalipira, kumenyedwa, kubwerera kumbuyo kwa mzere, kulipiranso. Nkhonya imene anaphunzira ija sanaitulutse ngakhale kamodzi, chifukwa sindinamupatse mpata. Loweruka lachitatu ndinamumenya m'gemu, foni yanga ili pakati pa khutu ndi phewa, ndikukambirana ndi munthu za mtengo wa malata.

Ankalankhula mosakwiya, ngati akufotokoza geti limene anapanga kale.

"Ine sininali kufuna kumuwinani imwe, mudala. Nenze kufuna chabe kusewelako na muntu wa saizi yanga. Manje mpando wa gemu ija unali umozi, ndipo munalipo ndimwe."

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati akanapirira akanaphunzira, ifenso tinaphunzira ndi kumenyedwa. Anandifunsa kuti ankandimenya ndani. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo ndinakumbuka kabarbershopu ka ku Chawama kumene tinayambira. Tonse tinali atsopano. Tinkamenyana tokhatokha, lero uyu mawa uyo, ndipo nkhonya yaikulu ija tinaipeza limodzi, mwangozi, tikukuwa ngati mmene anakuwira Amake Dalitso. Panalibe munthu wotitsogolera zaka makumi awiri atakhala pampando kutidikira. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chikulire changa, ndipo chinandipweteka kwambiri n'chakuti munthuyu anachita zonse zimene ndinkati anthu a masiku ano sachita.

Makaniko anafika itadutsa fili koloko, pa njinga yamoto, atanyamula paipi ya lole imene inali yaitali kuposa yofunikayo. Anaidula ndi mpeni wa a Mumba, anaimanga ndi waya, ndipo amuna tinapanga mzere wotunga madzi pa mjigo ndi zigubu za mafuta ophikira. Injini italira anthu anathamangira m'basi ngati ingawasiye. Pa Nyimba tinagula nthochi pa windo. Pa mphambano ya ku Petauke mphunzitsi anatsika, natsanzika aliyense kupatula ine, kapena mwina ndinangoona choncho. Amake Dalitso, amene m'mawa ankandithandiza kuseka Chanda, anagona mutu uli pa windo.

Ine ndi Chanda sitinalankhulane mpaka titayandikira Sinda. Ndinkadikira kuti andinyoze, ndipo ndikanakonda akanatero. M'malo mwake anayamba ndi kuvomera kuti nayenso analakwitsa: ankaganiza kuti gemu yatsopanoyo payokha idzaza shopu, koma waona kuti batani limodzi limangolowetsa munthu pakhomo, silimusunga. Anakonza chitenje pa makina ake, n'kupitiriza.

"Ku Matero sininali kuthaba gemu yakale, ba mulamu. Nenze kuthaba imwe. Manje ningakambe bwanji, ndimwe balongosi ba mukazi wanga."

Ndinayang'ana kunja. Minda inali yopsereza, anthu akudikira mvula. Zaka zisanu ndi zinayi ndinkadziona ngati ndine chokopa cha shopu ija, ndipo munthu amene ndinkadya naye mbale imodzi ankawerenga anthu otuluka pakhomo chifukwa cha ine, n'kumasowa poyambira. Ndinakwiya naye kuchokera pa Sinda mpaka pa Katete, koma mkwiyowo unalibe pogwira.

A Lungu anatsika pa Katete, kumene ankapita kukaona amayi awo. Ndinatsika nawo ngati ndikukawongola miyendo, ndinawathandiza kutulutsa chikwama, n'kuwauza kuti akabwerera ku Lusaka adzafikenso ku shopu. Anati aona, ndi mawu aja amene munthu amanena pofuna kuti umusiye apite.

Tinalowa mu Chipata mdima utagwa kale, tinagona kwa msuweni wanga ku Kapata, ndipo m'mawa tinakaona katundu uja. Padi imodzi inali ndi batani lomira, zina zonse zinali bwino. Tinagula makina onse awiri. Tili pa siteshoni kudikira basi yobwerera, ndinauza Chanda maganizo anga: TV imodzi ikhale ya gemu yakale, ya akale athu, awiriwo akhale a yatsopano, ndipo wowina kawiri azidzuka, kaya ndi ndani. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa kuti nanga ineyo. Ndinati Loweruka, tsiku limene kumabwera anthu ambiri, sindizigwira padi. Anandiyang'ana ngati sakukhulupirira, ndipo kunena zoona nanenso sindinkadzikhulupirira.

Ma TV a Chanda akadali ku Kanyama. Mwa akale athu asanu ndi mmodzi, awiri anachoka. Mmodzi mwa iwo, amene tinayamba naye ku Chawama kuja, anandiuza pamaso kuti ndagulitsa gemu yathu kwa anthu osadziwa ngakhale kutchinga, ndipo mpaka lero tikakumana pa msika amangokweza chibwano. Zimenezo zimandiwawa, ndipo sindinganene kuti akunama kotheratu. Enanso a batani limodzi anabweradi milungu iwiri n'kusowa, monga ndinanenera. Koma ena anatsala, ndipo atatu mwa iwo anandipempha okha kuti ndiwaphunzitse mabatani akale Lachiwiri masana, shopu ikakhala phee.

Loweruka ndimaima pakhomo, manja m'thumba, kuyang'ana anthu akusewera moipa ndi kuseka. Zala zimandiyabwa. Pa Loweruka lachisanu chibwerereni ku Chipata ndinaona kapusi ija ikubwera kuchokera kuseri kwa msika. A Lungu anaima patali pang'ono, anasuzumira mkati, anayang'ana mipando yonse itatu, kenako anayang'ana ine.

"Lelo musewela?"

"Awe," ndinatero.

"Ndiye nipaseniko padi."